Sileti ya Tuhin

Pa siteshoni ya Kamalapur
timayala pepala la pulasitiki pakati pa sitima ziwiri,
ya ku Chittagong itanyamuka, ya ku Sylhet isanafike.
Sukulu yathu ndi yomweyo.
Belu lathu ndi hutala.

Tuhin amafika mochedwa,
thumba la mabotolo kumsana,
mpweya wake ukununkha guluu womatira nsapato.
Sandipatsa moni. Maso ali pa dengu:
dzira lowiritsa, nthochi imodzi,
zogulidwa ndi ndalama za anthu
amene sadzamuona nkhope.

Adye kaye. Njala ilibe makutu.

Miyezi itatu choko chinkamuterera m'zala
ngati mlamba wa m'ngalande.
Tsiku lina Moyna anamuseka.
Iye anaswa sileti, nasowa masabata awiri.
Ndinamufuna pansi pa mlatho,
kuseri kwa ogulitsa tiyi,
ndinangopeza katoni yomwe amagonapo
itafewa ndi mvula.

Lero watulukira yekha,
chipumi chitatupa ndi ndodo ya mlonda.
Wandikoka mkono mpaka pa chikwangwani
n'kuloza ndi chala chakuda bii:
"Aphunzitsi, apa alemba Mymensingh.
Ndi kwathu.
Ndinatsika sitima imeneyi
mano am'tsogolo asanaguluke."

Sindinamufunse ngati akufuna kubwerera.
Ndani akudziwa chimene anathawa?

Wawerenganso dzinalo, pang'onopang'ono,
ngati munthu woyesa mtsinje ndi phazi.
Sitima yalira, anthu atikankha ndi akatundu.
Iye wapukuta mphuno n'kundiyang'ana:
"Nanga dzira langa?"