Kuwerenga Mitu

Folo koloko isanakwane timatseka zitseko,
dzuwa likadali pamwamba pa phiri la Dedza.
Ntchito yanga ndi kuwerenga mitu.
Amanjuta awiriawiri, ine ndi kope m'manja.
Selo imene anamangira anthu makumi anayi
lero yameza zana limodzi ndi asanu ndi awiri.

Mutu wa imvi uli pafupi ndi ndowa uwo ndimaudziwa.
Ndi a Kanyumbu.
Ku Bembeke, m'kalasi yopanda mawindo,
anandiphunzitsa kuwerenga ndi zitsekerero za mabotolo,
choko chitawayeretsa mpaka m'zigongono.
Chaka chachitatu chino ali pa rimandi.
Ankalimbirana malire a dimba la mbatatesi,
khasu linakwera, munthu anagwa.
Woweruza sanawaonenso:
fayilo akuti inasowa,
tsiku lina galimoto inalibe mafuta.

Samanditchula dzina pagulu.
Amati bwana, maso ali pansi,
ndipo liwulo limandiwotcha ngati phala la moto.

Mu Juni, chisanu chikutuluka m'simenti,
anandinong'oneza pa zitsulo:
"Filimoni, tandiwerengera samu iyi.
Mabulangete makumi atatu, anthu zana.
Gawa. Otsala angati?"
Kenaka anatsokomola, nthawi yaitali.

Mu ofesi muli kabuku ka malamulo aakulu a dziko,
kamene timatsekera mphepo pa galasi losweka.
Ndinakasolola usiku wina.
Kakuti ulemu wa munthu sulandidwa,
kakuti womangidwa adye mokwanira, aonane ndi dokotala,
mlandu wake umvedwe nthawi isanatalike.
Ndinafufuza pamene akuti kupatula opalamula,
sindinapapeze.
Ndinakabwezera pa galasi. Kunkazizira.

Sindikuti manja awo ndi oyera.
Mkazi wa malemu uja ndimakumana naye pamsika,
amagulitsa kabichi, sandiyankha moni.
Nayenso akudikira fayilo yomweyo.

Usiku amagona chokhala, mawondo pachifuwa,
msana wa uyu ndiwo mtsamiro wa uyo.
Wina akafuna kutembenuka
mzere wonse udzuke.
Nandolo wofumbwa wa masana uja
amalira m'mimba mpaka tambala.

Mawa ndidzawerenganso.
Akulu amafuna nambala, ndipo ndidzawapatsa.
Koma ndikafika pa ndowa paja
ndimayamba ndaima, kope ndatsitsa,
ndi kunena chapansipansi: Mwaswera bwanji, aphunzitsi?
Apo ndimasokoneza chiwerengero,
ndi kuyambiranso pa wani.