Nyimbo ya pa Siteji ya Chitakale

Nyimbo ija ndinayamba kuimva pa Chitakale,
pa siteji ya akabaza,
ikutuluka m'sipikala yong'aluka ya Dafita
yomwe anaimangirira ndi mphira kutsogolo kwa njinga.
Mawu ake sindinkawasamala.
Ine ndinkangofuna ng'oma,
ija yogunda pachifuwa
ngati injini yokana kulira m'mawa wa Juni.

Woyimbayo ankati mapazi ake ndi ake,
anzake atsogole,
iye afika nthawi yake ikakwana.
Tonse tinkavomera.
Biziwiki ankavomera atakweza kabotolo,
Namakhwa atatsinzina,
tikiti ya betingi itapanidwa kukhutu.
Anyamata asanu ndi awiri, pakamwa pamodzi,
kulumbira kuti aliyense ayenda yekha,
ndipo palibe anaona choseketsa.

Lachisanu lina chiperoni chitatsika,
phiri litafunda mpaka kumapazi,
anandikodolera kuseri kwa golosale.
Kuli katundu ku Muloza, anatero,
zigubu zinayi pa njinga, nyali yozima,
njira ya m'chimanga, ulendo umodzi basi,
ndalama ya sabata yathunthu.
Ukuopanji, mwana wa amayi?

Ndinati tayala langa latha.
Linali bodza.
Mawu okanira ndinalibe,
ndiye ndinabwereka bodza.

Nyimbo sinanene kuti kukana kumatuluka chonchi,
kotsimphina, maso ali pansi,
thukuta m'manja kunja kukuzizira.
Sinanene kuti m'mawa mwake
benchi ya pa siteji idzafupika,
kuti tchipisi cha pachiwaya udzadya wekha,
kuti adzakutcha Abusa,
ukafika nkhani n'kuduka
ngati tcheni pachitunda.

Ndipo iwo anabwerako bwinobwino.
Palibe anagwidwa, palibe anathyoka mwendo.
Dafita anagula foni yatsopano,
Biziwiki nsapato zoyera
zosayenera matope a kuno.
Ine ndinapereka ya tsiku kwa eni njinga
n'kutsala ndi ya sopo ndi bonya.
Wina akafuna phunziro pamenepa
akalifune kwina.

Ndinayamba kuimvera ndekha,
hedifoni ya khutu limodzi,
ndikudutsa m'minda ya tiyi
nditatula mayi wina ndi mkoko wake wa nthochi.
Ndi pamene ndinadziwa
kuti sitinkafika nayo kumapeto.
Dafita ankaibwezera poyambira
ng'oma ikangoyamba kuzirala.
Koma kumenekotu, kopanda chovinira,
woyimbayo amapuma kaye,
mpweya wake umamveka,
kenako amanena chapansipansi
kuti anzakewo amawasowa,
kuti pakhomo pake sanapiringidze.

Ndinaima pambali pa msewu,
othyola tiyi akundiyang'ana
ngati mafuta andithera.
Nthawi yonseyi ndinkayesa
ndi nyimbo ya munthu wolimba mtima,
wodzimenya pachifuwa pakati pa msika.
Chonsecho ndi ya munthu wamantha ngati ine,
amene anapita kunyumba kusanade
n'kugona akumva kuseka kwa anzake
kukulowa pazenera.

Papita miyezi itatu.
Dzina la Abusa landikanirira,
ngakhale makasitomala amandiitana choncho,
ndimayankha.

Dzulo madzulo kukuwaza mvula
tinabisala awiri pakhonde la chigayo,
ine ndi Namakhwa, wamng'ono pa tonse,
amene mayeso a Fomu Folo akufuna kubwereza.
Anakhala chete nthawi yaitali,
akukanda matope a pabuleki ndi kamtengo.
Kenako anati mawa akupitanso,
ati nane ndinyamule zigubu zisanu.
Iwe tsiku lija unatani?

Ndinafuna kumuuza za tayala.
Ndinafuna kumuuza kuti palibe ulemerero,
kuti benchi imafupikadi.
M'malo mwake ndinapukuta hedifoni pa malaya,
ndinamupatsa,
ndinati usaibwezere poyambira,
ng'oma ikatha udikire.

Mvula inapitirira kugogoda malata.
Iye anagwira khutu ndi dzanja,
akumvetsera.