Mlandu Suwola

Ku khoti la Bradford, m'chipinda chachinayi,
ndine pakamwa pa anthu ena.
Amandilipira pa ola kuti ndiwolotse mawu
kuchoka kwa woweruza wa wigi yotuwa
kukafika m'khutu la Mayi Nankhoma,
amene azengereza m'khosi mpango wa malemu mwana wawo, Sungeni.

Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo ndinakhala pabenchi lomweli.
Anthu khumi ndi awiri aja atatuluka m'kachipinda kawo
anati Ackroyd alibe mlandu.
Loya anandinong'oneza mawu awiri achizungu,
ine n'kuwatambasula kukhala asanu ndi limodzi:
munthu sazengedwa kawiri pa mlandu umodzi.

Mayi anandiyang'ana ngati lamulolo ndalemba ndine.
"Kwathu mlandu suwola," anatero.
Zimenezo sindinamasulire.

M'basi ya ku Shipley, mawindo ali nthunzi yokhayokha,
ndinalitembenuza lamuloli ngati ndalama yokayikitsa.
Ndinaona kuti ndi mpiringidzo wa pachitseko,
kuti boma lisamagogode kwa munthu chaka ndi chaka
mpaka atatopa, n'kuvomera zimene sanachite.
Ndikanakhala ine m'bokosimo, ndikanaufuna mpiringidzowo.
Koma Sungeni anali m'bokosi lina.

Kenaka kadontho ka magazi pachingwe cha nsapato,
kamene kanagona mu envulopu ya polisi nyengo zonsezi,
kanapeza makina odziwa kukawerenga.
Umboni watsopano, anatero, ndiponso wolimba.
Oweruza akuluakulu anafafaniza chigamulo chakale.
Kani chitseko chija chili ndi kazenera,
kakang'ono, kotsegukira milandu yamagazi ndi inzake yolemera.

Lero Ackroyd wamera imvi, wavala mandala.
Kumbuyo kwake mwana wake wamkazi akudya zikhadabo;
ulendo woyamba uja anali asanayambe sukulu.
Mboni zina zinamwalira.
Ina yaiwala mtundu wa galimoto.
Mlandu suwola, inde,
koma anthu ousenza amafota.

Pa nthawi yopuma Mayi akundigawira bisiketi,
manja awo akununkha sopo wa kunyumba yosamalira okalamba
kumene agwira ntchito usiku wonse.
"Akamumasulanso, kuli kachitatu?"

Ayi, Mayi. Kazenerako kamatseguka kamodzi kokha.

Akugwedeza mutu, akukonza mpango.
Kalaliki akutiitana.
Ndikumeza nyenyeswa msangamsanga
kuti pakamwa pakhale poyera.