Wokumba Zitsime wa ku Chamama

Zaka makumi awiri ndakhala ndikulowa pansi
ndi piki, fosholo yodula mpini, ndi chingwe cha khonje.
Nthaka ya kuno ndimaidziwa ndi mphuno:
poyamba dothi lakuda lonunkha mizu ya fodya,
kenako katondo womata m'zala,
lubwe wotema zikhatho,
ndiye mwala wofumbutuka wa timaso tonyezimira
umene ukayamba kuchita thukuta
ndimakuwira Yotamu kumwamba:
kawauze eni nyumba, atsuke zidebe.

Kwa a Kanyenda ndinatsika mamita khumi ndi asanu ndi atatu.
Thambo linachepa ngati khobidi.
Ndinkati ndafika kutali.

Lachiwiri Lezina anabwera kuchokera kusukulu ndi peyala,
nalidula pakati ndi mpeni wanga.
Akuti, Bambo, dziko ndi ili.
Khungu lobiriwirali ndi pomwe tikukhala,
phiri la Kasungu, zigafa, manda, msewu wa ku boma,
zonse zili pamenepa.
Ndinati, nanga chitsime changa?
Anatenga singano, nakanda pang'ono, osaboola.
Akuti, ngakhale apa ndakukomerani mtima.

Yotamu anaseka mpaka kutsamwa.

Mnofuwu, akuti, ndi mwala wotentha
woyenda mwaulesi ngati phula padzuwa la Okutobala.
Nthangayi ndi chitsulo,
kunja kwake chosungunuka,
mkati mwenimweni cholimba gwa
chifukwa cha kulemera kwa zonse zochipsinja.
Apo sindinafunse.
Dothi linandigwerapo kamodzi ku Wimbe, mpaka m'chifuwa.
Ndikudziwa kuti chopsinjika chimauma mkati
ngakhale chikupsa.

Ndipo khungulo si lathunthu ayi,
ndi mapale a mtsuko wosweka
amene akukankhana, kutsetserekana, kusiyana,
pa liwiro la chikhadabo chikamakula.
Kummawa kwathuku, akuti, nthaka ikung'ambika
ngati msoko wa thalauzi yogwirira ntchito,
ulusi umodzi lero, wina zidzukulu zitakalamba.

Ndinakumbuka usiku uja makapu analira okha pa shelefu,
nkhuku zinatsika mumtengo,
mng'alu unakwera khoma kuchokera pazenera mpaka ku malata.
Madzi a kwa a Kanyenda anada masiku atatu.
Anandiitana, nati ndinakumba pamalo poipa,
nandidula malipiro otsala.
Ndinapepesa.
Ndinapepesera mwala umene unatembenuka m'tulo
kutali pansi, kumene chingwe changa sichingalote.

Ine ndi mlamu wanga Gelesomu sitilankhulana.
Mizere iwiri ya mtedza m'malire mwa munda,
iye akuti njake, ine ndikuti njanga.
Tinakhomapo chikhomo chachitsulo chaka chatha,
ndipo m'mawa uliwonse amachizonda ngati chayenda.
Chayendadi, Gelesomu.
Chikuyenda ndi munda wako ndi wanga,
ndi khola, ndi tchalitchi, ndi mafupa a apongozi,
tonse pa lole imodzi yopanda dalaivala,
ife tikulimbirana pokhala.

Sindinamuuzebe.
Anthu angati Lezina wandidyetsa buku.

Peyala lija tinadya ndi mchere.
Nthanga ndinaiika m'thumba, sindikudziwa chifukwa.
Madzulo ndinawenga zikhadabo ndi lezala
ndi kuziyang'ana pachikhatho, zakuda ndi katondo:
ulendo wa mwezi wathunthu ndi womwewu.

Lero ndili pa mamita asanu ndi anayi kwa mayi Nasimango.
Mwala sunayambe thukuta.
Yotamu wakoka ndowa, chingwe chikulira pa mtanda.
Ndaika piki pambali,
ndagwada,
ndatsamiritsa khutu pansi pozizira.
Palibe chomwe ndikumva
koma magazi anga omwe.

Kumwamba akufunsa ngati ndakomoka.
Ayi, ponya ndowa.
Pansi pano pakadali pamwamba.