Kuseri kwa Nyumba ya Twaibu

Pulani inabwera pa foni kuchokera ku Joni,
usiku, ine nditavula kale nsapato.
Zipinda zinayi, bafa la m'kati, zonsezo ndinazimva.
Koma kuseri, pa kabokosi kopanda denga,
Twaibu analembapo liwu limodzi: patiyo.

Zaka makumi awiri ndakhala ndikuyala njerwa,
kuyambira ku Mpondasi mpaka kukwera ku Namwera,
koma chinthu cha dzina limeneli sindinamangepo.

Ndinamufunsa: kodi ndi khonde?
Ayi, anatero, khonde ndi la kumaso.
Zoona. Khonde ndimalidziwa.
Lili ndi mizati, limayang'ana msewu.
Ndi pomwe telala amakhazika makina ake,
pomwe wangongole amathera
akauzidwa kuti dikirani, abambo akusamba,
pomwe mbuzi imausa mvula
n'kusiyapo zikomo wake wa timibulu.

Ndiye ndi bwalo?
Anaseka, mawu akudukaduka:
bwalo n'lakumudzi, amisiri, ichi n'chakumayadi.

Ndinagona nalo liwulo.
Bwalo ndi liwu la mimba yaikulu.
Linameza milandu, linameza mpira,
linameza beni ndi fumbi lake lomwe,
ngakhale ndege ikatopa imatera pa liwu lomweli.
Mwana akati ndili pabwalo
ndiye kuti denga lake ndi thambo basi.
Nkhani ikafika pabwalo
siibwereranso kuchipinda.
Ndipo sindikumbuka munthu amene anandilembapo ganyu
yomumangira bwalo.
Bwalo salimanga, amalisesa.
Malire ake ndi pomwe tsache lako latopera,
pomwe layambira tsache la neba.

Anafi, wondiponyera njerwa,
anati kwawo amati luwala,
ndipo mwini wake si amene anagula malo
koma amene akudziwa pomwe dzuwa limafika
nthawi yoyanika.
Ndinamuuza kuti aponye njerwa, asiye ulaliki.

Tinathira simenti, tinasalaza.
Tinayamba khoma, mbali zonse zitatu,
lalitali monga pulani inanenera,
loti ngakhale wokwera njinga asaone m'kati.
Tsiku lachinayi, khoma lili m'chiuno,
kunabwera Abiti Wadi, mkazi wa Twaibu,
mwana kumsana, thukuta la Okutobala pamphumi.
Anaponda pakona ya kum'mawa:
apa musiye.

Ndinati mayi, pulani sikutero.
Anati pulani ili ku Joni, ine ndili pano.
Mchere ukandithera
ndizizungulira kugeti, n'kukagogoda kwa Abiti Sumani
ngati ndapita kubanki?
Mwanayu akatentha thupi usiku
ndidzakuwira khoma?

Ndinayeza ndi maso, osati ndi tepi:
mpata wokwana mayi mmodzi
ndi beseni lake pambali.
Chithunzi chopita ku Joni
ndinajambula nditaima pampata pomwepo,
kuti khoma lioneke lathunthu.
Twaibu anatumiza chala chachikulu, kenako ndalama.

Mvula yagwa, yatha.
Dzana ndinadutsako, ndikupita kukaona ploti ina.
Pasimenti yanga ayanikapo makaka.
Nkhuku yomwe si yawo ikuyendapo ngati yalipira lendi.
Mipando yapulasitiki ija inabwera pa basi
yaunjikidwa pakona, ina pamwamba pa inzake,
ndipo amayi atatu ali pamkeka, akusankha mpunga,
akudya nkhani ya munthu wina
yemwe ndikukhulupirira si ine.
Kuchokera pampata paja
kanjira kafiira kayamba kale kudziwika,
udzu waleka kukangana nako.

Ndinaima pakhonde monga mlendo, ndinati odi.
Kunatuluka kamnyamata, kabuku ka kumadrasa m'manja.
Amayi ali kuti?
Sikanaganize n'komwe.
Ali pabwalo.

M'kope langa la maakaunti
palembedwabe patiyo, ndi mtengo wake, ndi tsiku.
Pansi pake ndinawonjezera ndi pensulo:
zatsala njerwa makumi anayi ndi zisanu ndi imodzi.
Twaibu akubwera pa Idi.
Zili kuseri kwa bafa, akazifuna.