Zibenthu

Lekeleni akuti anawerenga ku laibulale
kuti kalekale, kutsidya kwa nyanja zamchere,
anthu ankaphika mchenga ndi phulusa m'ng'anjo
mpaka mchengawo kuyenderera ngati uchi,
n'kuuthira pamwala kuti uume,
n'kuudula timiyala tonga mano a mwana.
Ankatiyesa pasikelo, kutilonga m'zombo,
kukagulitsa kwa omanga makachisi akutali.
Akuti tina ankatitsekera golide m'mimba.

Ine ndikumva ndili chogwada pasimenti,
pulayala m'dzanja,
chala chamkombaphala chomanga kansanza.

Ng'anjo yanga ndi Ndirande usiku wa Loweruka.
Ndewu ikazizira, mabotolo agona m'ngalande,
ndipo Che Likaka amalawirira ndi wilibala
tambala asanatsike pamtanda.
Obiriwira ndi ofiirira amandipatsa pa thumba,
poti ludzu la tauni ino silitha.
Koma wabuluu, ha!
Wabuluu amamutulutsa m'thumba la jekete
ngati dzira la nkhanga,
akuti wam'funa mpaka kuseri kwa mashopu a ku Limbe.
Timanenerera mpaka dzuwa kuswa mtengo.

Mayi a ku Namiwawa akufuna nsomba pakhoma,
yaitali ngati chitseko, yamaso ofiira.
Mtengo nditatchula anaseka:
"Inu, si zinyalala zomwezi?"
Ndinangoti eya mayi, zinyalala.
Masabata atatu ndakhala ndikubenthula,
kachidutswa, kachidutswa,
fumbi lagalasi likundiyabwa m'zikope.
Diso la nsombayo ndi nyali yakumbuyo ya minibasi
yomwe inagundana pa Ginnery Corner.
Sindinawauze.

Ndinamufunsa Lekeleni:
ophika mchengawo maina awo ndani?
Anatembenuza tsamba, natembenuzanso.
Muli dzina la mfumu, akutero,
ndi la doko, ndi la chaka.
Basi.

Komatu pali china chomwe anandiwerengera
chimene sindinachifunse buku:
ankatipendeketsa pang'ono timiyalato
kuti kuwala kusagwere mbali imodzi.
Ndinaseka ndekha.
Ndani anakawauza?
Chala changa chachikulu chimatero chokha
chiyambire chaka cha njala chija.

Mawa simenti ikagwira ndidzapukuta ndi siponji,
ndidzalandira zotsala, ngati zilipo,
mlonda adzatseka geti kumbuyo kwanga.
Pansi pa chipsepse chakumanzere
ndasiya kabuluu kamodzi kopanda mnzake,
kokhala ndi dontho la magazi kuseri.
Dzuwa la m'ma folo koloko likamatsikira ku Michiru
kadzayamba ndi iko kuyaka.