Sentimita Imodzi ku Roodepoort

Ntchito yanga Loweruka ndi kugwada.
Ena amaponya, ena amalemba,
ine ndimathamanga ndi msomali ndi nsonga ya tepi
kukafuna pamene chitsulo chaluma nthaka.

Makilogalamu anayi sagwa mwaulemu.
Amasiya kadzenje konga kambale ka mchere,
ndipo kadzenjeko kali ndi milomo iwiri,
wapafupi ndi wakutali.
Bambo Potgieter anandiuza tsiku loyamba lomwe:
wapafupi, nthawi zonse wapafupi,
nyenyeswa za sentimita timataya,
pano sitipereka banyira.

Usiku kunagwa mvula yamatalala.
Kapinga wanyowa, dothi lofiira lafewa,
milu yachikasu ya migodi yakale ikufuka nthunzi kuseri kwa mpanda.
Palesa Ramaila waponya kale kachisanu ndi chimodzi,
12.41,
wavala jekete, akutafuna chingwe cha fulemba yake.

Kwatsala mmodzi.
Dzina alitchula molipotoza pa chimkuzamawu
koma ine ndalimva bwino: Mwatitha Chikaonda.
Kenaka mawu a mayi wina pamwamba pa masitepe,
“Limba, mwana iwe! Usaponde thabwa!”
Zaka zisanu ndi ziwiri ndili pabwalo lino
sindinamvepo Chichewa chikukuwidwa chonchi.
Chathu timanong’ona m’takisi,
pafoni, titaphimba pakamwa.

Wapanikiza chitsulo pakhosi, pansi pa chibwano,
watipatsa msana,
wadumpha chafutambuyo,
wabuula.
Di!
Kambendera koyera.

Ndagwada.
Mlomo wapafupi wagumuka,
kachibuma kagwera m’kati, kena katsalira m’mbali,
ndipo pakati pa ziwirizi
mpata wake sukwana chikhadabo cha chala changa chachikulu.
Palibe akuona kuno.
Bambo Potgieter awerama uko pathabwa, magalasi pamphuno,
akudikira ine ndikoke.

Bambo anga ankaseka akamafotokoza
momwe anamwera mabotolo atatu a madzi
asanakwere sikelo ya Wenela,
mimba ili ndendende, kuti singano isunthe pang’ono
awatenge kudzakumba pansi pa mzinda uno.
Singano inasunthadi.
Malata a nyumba yathu ku Ntcheu anachokera m’madzi amenewo.
Ndiye ndine yani ine
woti ndikanize mwana wa kwathu kachibuma?

Nyerere yadutsa pa tepi.
Thukuta lalowa m’diso.

Ndabaya msomali pamene chitsulo chinayamba kukhudza,
osati pamene mtima unafuna.
Tepi yakungika, yanjenjemera, yaima.
Bambo aja awerenga, apukuta magalasi, awerenganso.
12.40.

Mwatitha wangoyang’ana chikhatho chake
chakuda ndi dothi,
ngati sentimita ija yakanirira m’mizere ya m’manja.
Palesa wabwera kudzamukumbatira,
onse awiri makosi ali ndi chidindo chofiira mbali imodzi.

Ndikukulunga tepi, mayi aja atsika.
Nsapato zawo ndi za munthu woyenda mtunda kupita ku ntchito za m’nyumba.
Sanayambe ndi Chingerezi kapena Chizulu,
anandiona kale kagwadidwe.
“Achimwene, munayeza bwino?”
“Ndinayeza bwino, mayi.”
Andiyang’ana nthawi yokwana kuponya kawiri.
“Chabwino. Ndimangofuna ndimve kwa munthu.”
Atulutsa lalanje m’chikwama, aliyeza m’dzanja,
alibwezamo,
kenaka alitulutsanso, andipatsa.

Anyamata a makilogalamu asanu ayamba kale kusonkhana.
Ndapita pa kadzenje kaja
ndakafotsera ndi chidendene, ndapondaponda,
kuti wotsatira apeze nthaka yosalemba kanthu.
Lalanje likundimenya ntchafu m’thumba la ovolosi.
Sindinalisende.